Galasi la Aphunzitsi ndi Nkhono za Kudambo

Aphunzitsi anali ndi galasi lokulitsira zinthu, la chogwirira chakuda chong'aluka. Ana a sukulu sitinkaloledwa kuligwira. Ine, amene ndinkakhala nambala wani pa sayansi ku Bandawe, ndinkaloledwa kulipukuta basi, ndipo ndinkayenda modzimva chifukwa cha zimenezo.

Dzinja lina tinaphunzira za likodzo. Dzina lake la Chingerezi, lalitali ngati chingwe cha ukonde wa chilimila, ndinaliloweza ndi zikwapu. Ndinkalitchula ndekha popita kudambo kumene mayi ankaviika chinangwa, fungo lowawasa likundilowa m'mphuno. Nzeru zimenezo ndinkaziyesa zanga ndi aphunzitsi, awiriwiri.

Nthawi yomweyo mng'ono wanga anayamba kukodza magazi. Amalume anasangalala. "Wakula mwamuna," ankatero, ndipo zakuchipatala sankafuna kumva. Ndinawalakatulira phunziro lonse m'Chingerezi, iwo akusoka ukonde osadzutsa mutu. Mwana ankangowonda.

Kenaka aphunzitsi anabwera kwathu ndi nkhono zakudambo, zofalitsa likodzo, m'kabotolo. Anali a ku Dedza, Chitonga chawo chinali chopunduka moti mbuzi ikanaseka. Ndinakhala pafupi, kudikira kuti andiimiritse nditchule dzina lija. Sanandiyang'ane n'komwe. Kwa amalume anakamba za bwato lofumbwa m'kati, kunja likuoneka lolimba. Kwa mng'ono wanga anati m'madzi oima muli tiakuba tolowera pakhungu. Atafika kwa mayi sanachulutse mawu, anangowapatsa galasi m'manja. Manja aufa wa kondowole, pagalasi langa lija!

"Yewo, asambizi," anatero mayi pothokoza aphunzitsi m'Chitonga, atayang'ana nkhono nthawi yaitali.

Nsanje inandigwira, ndinalephera kudya. Lero, nditagwira ntchito yazaumoyo zaka zambiri, ndikudziwa kuti tizilombo ta likodzo sitioneka ndi galasi lotere. Mayi anangoona nkhono yaikulu. Koma munthu wophunzira anali atawakhulupirira kuti aone okha.

M'mawa mwake mayi anamanga khadi lachipani, limene masiku amenewo linkafunsidwa paliponse, pansonga ya chitenje, n'kubereka mng'ono wanga, mnyamata wamkulu miyendo ikulendewera, ulendo wa ku chipatala ku Chintheche. Amalume sanaletse. Anawaperekeza mpaka kumsewu.

Ine ndinatsala pakhonde, mkwiyo uli tho. Sindinkamvetsa chifukwa chake aphunzitsi anandikwapulira dzina limene iwo eni analisiya kusukulu tsiku limene moyo wa mwana unali pachiswe.