Chigwiriro cha Zala Zitatu

Ndikangomva fungo la mtengo wa tsanya ukupsa, ndimawaona agogo aamuna atakhala pansi pa mtengo wa masawu kwathu ku Makhanga, atapana kamtengo m'mawondo, akulowetsamo chitsulo chofiira ndi moto, utsi uli tolo, iwo akutsokomola n'kumaukalipira utsiwo ngati ukumva. Ankasema zigwiriro za mipeni. Munthu akabwera kudzapangitsa, sankamufunsa zambiri. Ankangomupatsa dongo lonyowa kuti afumbate, kenaka n'kuyang'ana mmene zala zadindira. "Dzanja silinama, mkazi wanga," ankatero akundiyang'ana ine, poti kwathu mdzukulu wamkazi amaseleulidwa choncho.

Dzanja lawo lamanja linali ndi zala zitatu. Ziwiri zinazo zinaduka ndi waya wa msampha wa nguluwe akadali mnyamata. Ndiye mpeni wawo unali ndi chigwiriro chokhota, chonenepa mbali imodzi, chokumbika pokhala chala chachikulu, chakuda bii ndi thukuta komanso mafuta a mlamba. Chitsulo cha mpeniwo chinkadutsa mumtengo monse n'kukatulukira kumbuyo, komwe anachipinda ndi nyundo. Kukongola ayi, sunali wokongola. Koma ndi womwewo ankasendera nchenzi, kudulira bango, kutumbulira nsomba m'bwato manja ali poterera, ndipo sindinauonepo ukuwapulumuka.

Chaka china pa Khirisimasi kunabwera amalume a Zuze, mwana wawo amene ankagwira ntchito kuminda ya nzimbe. Atauona mpeniwo anagwira pakamwa. "Bambo, anthu aziti mulibe mwana? Chinthu ngati chotola kudzala!" Agogo atapita kumunda, iwo anautenga mwakachetechete mpaka kwa kalipentala wina ku Chiromo. Unabwerako ndi chigwiriro chowongoka, chosalala, chonyezimira ndi vanishi. Kalipentalayo, ulesi wake, anadula chitsulo chija n'kusiya kachidutswa ngati chala cha mwana, n'kukamata ndi guluu. Guluu! Pa mpeni wa munthu wa m'madzi!

Agogo anautembenuza m'manja n'kufunsa, "Chakale chija chili kuti?"

"Aa, anasonkhezera moto chimenecho," amalume anayankha akumwetulira, akudikira kuyamikiridwa.

"Takhuta," anathokoza motero agogo m'Chisena, n'kuutsomeka m'chiuno. Ine ndinapsa mtima mpaka misozi. Agogo anangoti akapeza tsanya wouma aona chochita, koma mvula inali itayamba kale.

Nthawi ya dzinja mbuzi timazimangirira kuti zisadye mmera wa anthu. Zathu zinali kumunsi kwa mudzi, pa zikhomo, zomangidwa ndi zingwe za nayiloni zochotsa ku maukonde akale. Tsiku lina mtsinje wa Ruo unasefukira dzuwa lili pamutu, kwathu tsikulo kusanagwe ndi dontho lomwe, madzi ochokera kumapiri. Anthu akuthamangira kumtunda, ine ndi agogo tinathamangira kumbuzi. Pofika, madzi anali m'mawondo, mfundo zitamira ndi kulimba ngati mwala. Agogo anadula chingwe choyamba, ine n'kukoka kambuziko. Kenaka anatembenukira kwa mbuzi yawo yaikulu, yamawanga, imene inali ndi bere ndipo inkawatsatira ngati galu.

Ndinaona ndi maso angawa. Chigwiriro chonyowacho chinawatembenuka m'zala. Anachigwiranso ndi manja onse awiri, n'kukanikiza. Chinangoti thyo! Mtengo wonyezimira uja unatsala m'manja mwawo, mpeni n'kugwera m'madzi amatope. Anafufuza ndi mapazi, anamira ndi mutu womwe, osaupeza. Madzi anafika m'chiuno. Nkhalamba ija inaluma chingwe cha nayiloni ndi mano ake ochepa otsala, magazi akutuluka m'nkhama, mbuzi itatukula mphuno kumwamba ikulira. Anyamata a bwato anachita kuwanyamula, iwo akukana, akukuwa kuti wina awabwereke mpeni. Kulira kwa mbuziyo kunaleka tisanafike patali.

Madzi ataphwa, agogo anandiitana. "Usakawauze amalume ako. Anachita ndi mtima wabwino." Mtima wabwino wotani wosafunsa mwini dzanja? Zala zitatu zimene zinamulera, iye osaziwerenga n'komwe, maso ali pa zoti anthu aziti chiyani! Nanga kalipentalayo, ankaganiza kuti mpeni ndi wopachika pakhoma? Ndinawafunsa zonsezo agogo. Iwo anangondisisita pamutu. Sanasemenso chigwiriro cha munthu aliyense, ndipo mbuzi zotsalazo anazipereka kwa amayi.

Pa maliro awo, amalume anaimirira n'kuuza anthu mmene ankawasamalira bambo awo, mpaka kuwakonzetsera mpeni kukhala ngati wa m'sitolo. Anthu anagwedeza mitu. Ine ndinaluma chitenje kuti ndisakuwe.

Pano amalume akalamba, maso achita khungu, ndipo amakhala kwanga. Ndimawaphikira, ndimawachapira, ndimawatsogolera padzuwa. Nthawi zina amandifunsa, "Paja mpeni wa bambo uja unapita kuti? Unali wokongola bwanji!" Ndimawayankha kuti unapita ndi madzi, ndipo si bodza. Lonjezo ndasunga. Koma kukhululuka anakhululuka ndi agogo, ine sindinalonjeze zimenezo.