A Athumani ndi Atsikana a Loweruka

A Athumani Jafali anafika pa Katete m'chaka cha 1989, atakwera pamwamba pa lole ya fodya, makina awo osokera atawakulunga m'bulangete. Kwawo ndi ku Mangochi, ku Malawi. Asanabwere kuno anakhalako zaka zitatu ku Mbeya, ku Tanzania, akusoka mikanjo pa shopu ya munthu, ndipo kumeneko anatolako Chiswahili chimene mpaka lero amakalipira nacho singano ikathyoka. Anapeza khonde kuseri kwa msika, anakwatira a Mwanahamisi, ana n'kubadwa asanu. Anthu ambiri a pa boma pano anavalapo yunifolomu ya a Athumani, ndipo onse amakumbukira kabudula wofika m'maondo, wosokedwa dala wamkulu kuti mwana akuliremo.

Ndi munthu wamanyazi kwambiri. Mzimayi akabwera kudzasoketsa diresi, tepi amapatsa akazi awo, iwo n'kutembenukira kukhoma, kumangolemba ndi choko manambala amene akuwauza.

Chaka chatha, mu Julaye kukuzizira, pakhondepo panafika atsikana awiri atanyamulizana mutu wa makina osokera owonongeka. Anali ophunzira za umoyo a ku yunivesite ina ku Lusaka, amene anatumizidwa kuno miyezi isanu kudzaphunzira ntchito m'zipatala za kumidzi. Abigail anali wa ku Ghana, Bushra wa ku Tanzania. Loweruka lililonse ankasonkhanitsa atsikana a sukulu m'kalasi ina, kuwathandiza masamu ndi Chingelezi, ndi kucheza nawo za tsogolo lawo. Panalibe amene anawatuma, anangoziyamba okha.

Abigail anayesa Chinyanja chake chothyokathyoka. Bushra ataona chipewa chachisilamu cha a Athumani anangopereka moni wa kwawo wopatsa akulu, ndipo mkuluyo anayankha m'Chiswahili asanaganize n'komwe. Mtsikanayo anagwira pakamwa, misozi ili lengelenge. Panali patapita miyezi asanamve chilankhulo cha kwawo pakamwa pa munthu.

A Athumani anatsegula makinawo. Munali dzimbiri, ulusi utakulungana pansi ngati chisa.

"Mukusoka chiyani chimene chapha makina chonchi?" anafunsa.

Bushra anatulutsa kansalu kosanjikiza kanayi, kokhala ndi timapiko tiwiri ndi batani. A Athumani anakatembenuza uku ndi uku, kukayang'ana padzuwa, n'kufunsa ngati kanali kovala kuphazi.

"Ayi, bambo. Ndi padi yochapa. Atsikana ambiri akakhala kumwezi sapita kusukulu chifukwa alibe chodzitetezera. Tikufuna azisoka okha."

Mkuluyo anakaika pathebulo pang'onopang'ono ngati kotentha, n'kuitana akazi awo m'nyumba. "Mayi a Asiyatu! Tabwerani, kuli alendo anu."

A Mwanahamisi atamva nkhaniyo anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anakagwira kansaluko, chala n'kuyendetsa pa msoko umene unadutsa pakati.

"Ana inu, msoko uwu umunyula munthu asanafike kusukulu," anatero. Anatembenukira kwa amuna awo. "Mukukumbukira Asiyatu wathu ankadwala mutu mwezi ndi mwezi, inu mukumugulira mapilisi? Sunali mutu. Ndi zomwezi. Mayeso a giredi naini aja anajomba masiku atatu, ndipo inu munamukalipira kuti ndi ulesi."

A Athumani anabwerera pa makina aja. Anakonza makinawo tsiku lonse, chakudya cha masana osachikhudza.

Loweruka lotsatira anamangirira makinawo panjinga, kabotolo ka mafuta m'thumba, akuti akungokawatula basi. Anapeza atsikana makumi awiri ndi mphambu, Abigail ali pa bolodi ndi masamu. Anaima pakhomo. Masamu atatha, mtsikana wina wamtali wa ku Mkaika, dzina lake Olipa, anakhala pa makina n'kuyamba kupalasa chobwerera m'mbuyo, nsalu akuikoka ndi manja onse awiri. A Athumani anapirira pang'ono, koma singano itathyoka analowa.

"Iwe mwana, nsalu sakoka! Imayenda yokha. Tadzuka ndikuonetse."

Kulowa kwake kunali komweko. Anasuntha msoko uja kupita m'mbali, anadula chitsanzo pa katoni, ndipo zidutswa za chitenje zimene kale ankazitaya anayamba kuzisunga m'thumba. Dzina la chinthucho sanalitchule ngakhale kamodzi. Ankangoti "katunduyu". Atsikana anatengera mawuwo, moti mpaka lero mtsikana akauza mnzake m'kalasi kuti "uli ndi katundu?" anyamata amaganiza kuti akunena za mabuku.

Nawo ophunzira aja anapezapo kwawo. Bushra ankadya kwa a Mwanahamisi Lachisanu lililonse. Abigail tsiku lina anafuna kuuza atsikana kuti "tabwerani mudzasoke", n'kunena kuti "tabwerani mudzaseke", ndipo atsikanawo anachitadi zomwezo. A Athumani anamulangiza kuti asiye kuphunzira Chinyanja m'foni, azikhala pakhonde pawo madzulo kumvetsera makasitomala akamakangana. Anamveradi.

Sikuti onse anakondwa nazo. Tsiku lina a Athumani akutuluka mu mzikiti, mnzawo wa kalekale wogulitsa zitsulo za njinga anawakokera pambali.

"A Jafali, ndamva kuti masiku ano mukusoka za azimayi zosatchulika zija. Imvi zonsezi?"

"Muli ndi adzukulu aakazi angati?" anafunsa a Athumani.

"Anayi."

"Muwatumize Loweruka. Abwere ndi lumo."

Anabwera awiri.

Olipa ndiye anali ndi dzanja labwino kuposa onse. Anali atatsala pang'ono kusiya sukulu, ndipo Bushra ndi amene anakwera njinga ya kabaza mpaka ku Mkaika kukakambirana ndi amayi a mtsikanayo, a Athumani atamuphunzitsa mmene angakhalire pansi ndi mawu oyambira nawo. Olipa analemba mayeso ake masiku onse osajomba, ndipo anakhoza.

Mu Novembala, mitambo ya mvula yoyamba itayamba kusonkhana, ophunzira aja anabwerera ku Lusaka. Pa siteji ya basi a Mwanahamisi analira mosabisa. A Athumani anangopatsa aliyense kathumba ka singano, n'kuwauza kuti asamabwereke munthu lumo la nsalu. Basi itanyamuka anati fumbi lawalowa m'maso, chonsecho kunali kutagwa kamvula m'mawa womwewo.

Anthu ankaganiza kuti kalasi ija ithera pomwepo. Mphunzitsi wina wamkazi anatenga masamu, a Athumani anapitiriza kusoka, ndipo Asiyatu, amene tsopano ali pabanja ku Sinda, anapempha chitsanzo cha katoni chija n'kuyambitsa gulu lake kumeneko. Bambo ake anamupititsira okha, pamodzi ndi makina awo akale a ku Mangochi. Zimene anakambirana awiriwo tsiku limenelo sananene kwa wina aliyense, koma anabwerako akuimba chapansipansi m'minibasi.

Bushra amaimba foni ya vidiyo kawirikawiri. A Athumani amaika foniyo kukhutu, moti mtsikanayo amacheza ndi khutu lawo mpaka a Mwanahamisi atawalanda.

Chaka chino kwabwera ophunzira ena atatu, awiri a ku Kenya ndi mnyamata wa ku Rwanda. Loweruka loyamba mnyamatayo anafika ndi kompyuta yake, atakonzeka kuphunzitsa. A Athumani anamulozera mpando wa pa makina.

"Ziphunzitso zanu muyamba koloko ikakwana teni," anatero. "Panopa vulani nsapato. Chopondera ichi amachimva ndi phazi. Olipa, tawaonetsa alendowa poika ulusi."