Suti ya a Zuze

Ntchito ya utelala ndinaiyamba chaka chimene madzi a Shire anakokolola dimba lathu la kudambo. Mphunzitsi wa kutchalitchi kwathu ataona kuti ndikungokhala, ananditengera ku Bangula kwa a Chapo, telala wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo ina yaikulu. A Chapo anayang'ana zala zanga, n'kufunsa ngati ndili ndi khadi la chipani, kenaka anandiloza mpando. Kulembedwa ntchito kunali komweko.

Zida zathu zinali makina awiri opondera, sizasi yaikulu, tepi, choko, lezala yomasulira misoko ndi simbi ya makala. Ndinayambira kuika mabatani ndi kupinda m'munsi mwa madiresi. Pambuyo pake anandiphunzitsa kubweza, ndiko kuchepetsa chovala chimene chakula: kumasula msoko wakumbuyo, kumuyeza munthu, kulemba ndi choko, n'kusokanso. Nsalu yotsala tinkaipinda mkati n'kuisita. A Chapo ankati, "Usadule chimene ungathe kupinda. Thupi la munthu limapita, limabwerako."

Mwini sitolo anali a Zuze, wamalonda amene makolo ake anachokera kutsidya ku Mozambique. Anali ndi malole onyamula thonje, ndiponso thupi limene sindinalionenso pa munthu wina. Tepi yathu inkangotsala pang'ono kuperewera m'chiuno mwao. Thupilo linali ulemu wa banja lonse, makamaka wa akazi awo, mai Lusiya. Amai pamsika ankati, "Mukafuna kudziwa dzanja la Lusiya, onani mwamuna wake." Koma ife apakhonde tinkamva befu lawo akangotsika mugalimoto. Anali ndi matenda a shuga, zilonda kumiyendo, ndipo m'miyezi yotentha ankagona chokhala.

Chaka changa chachiwiri anapita ku Joni, kumene madokotala anawachita opaleshoni yam'mimba yoti chakudya chisamakhalitse m'thupi. Atabwerako anayamba kusungunuka. Mathalauza ankabwera pakhonde mwezi ndi mwezi, ife n'kumabweza, n'kumapinda. Iwo anali osangalala. Zilonda zinapola, ndipo ankayenda pansi mpaka kusiteshoni ya sitima.

Osasangalala anali ena onse. Kwathu kuno munthu akakuikira chakudya iwe n'kungolawa, ndiye kuti ukumuganizira zoipa. A Zuze tsopano ankangodya pang'ono ngati mwana, ndipo nyama yamafuta inkawatsegula m'mimba. Mnzao wapamtima, a Dinala, anawaphera mbuzi, ndipo tsiku lotsatira anafika pakhonde nkhope ili gwa.

"Zuze, tinkamaliza mwendo wambuzi awiriwiri. Lero ukununkhiza mbale yanga ngati galu wa eni? Ukuti ndathiramo chiyani?"

"Mimba ndi yaing'ono, m'bale wanga. Anaisoka."

"Anaisokera kunyumba kwanga kokha?"

A Dinala sanabwerenso. Ena anatsatira, ndipo bawo la pansi pa mtengo wa nimu linatha lokha. Abale a bamboyo nkhani ya opaleshoni sanaikhulupirire konse. Iwo ankati mkazi ndiye akumumana mwamuna chakudya, kapena akumudyetsa zina.

Tsiku lovuta linafika sabata ya ukwati wa mwana wawo wamkazi. A Chapo anali atapita kumaliro ku Chikwawa, ndipo suti yakuda ya a Zuze anandisiyira ine. Inali isanabwezedwepo chichokereni ku Joni. Mmawa, ndikukoleza makala a simbi, kunafika mai Lusiya atanyamula thonje m'kansalu. Anakhala pansi pafupi ndi makina, mai amene sankakhala pansi pakhonde.

"Achimwene, musaichepetse kwambiri. Muike thonjeli m'mapewa ndi pachifuwa, pansi pa lainingi, nsalu yamkatiyo. Apongozi anga akubwera kuchokera kutsidya, sanamuone mwana wawo chichitireni opaleshoni. Akamuona mmene alilimu, ine pakhomo paja ndachoka."

Ndinati ndiona chimene ndingachite. Masana a Zuze anabwera kudzayeza. Atavala jekete anakhala ngati mwana wabisala m'thumba. Ndinagwira ndi mapini kumbuyo, ndipo nsalu yotsala inali yoti munthu wina n'kusokerapo. Kupinda yonseyo sikukanatheka. Iwo anaona thonje lija pathebulo.

"Limeneli ndi la chiyani?"

Sindinafune kunama. Ndinawauza zimene mai anapempha ndiponso chifukwa chake. Anasisita mkono wa jekete.

"Iwe, munthu amene ankavala sutiyi ankafa. Onse ankamuombera m'manja, iye akufa. Ndimuvalenso pa ukwati wa mwana wanga? Mai anga ndilankhula nawo ndekha. Dula."

Anatuluka. Ndinakhala ndi sizasi m'manja mpaka makala a simbi anazima. Suti inali yawo, thupi linali lawo, ndipo sananame. Koma mai aja nawonso sananame. Ndinapemphera mwachidule, yankho losavuta silinabwere. Ndinamasula lainingi, ndinalemba mizere ndi choko, n'kudula mbali zonse ziwiri ndi kumsana. Ndinachotsa mikono, ndinachepetsa mapewa, n'kuibwezera. Mwa ntchito zonse za unyamata wanga, imeneyo ndiyo inakhala bwino koposa.

Loweruka suti inawakhala ngati anabadwa nayo. Anayenda ndi mwana wawo mpaka kuguwa osapumira panjira, ndipo kumadyerero anavina, chinthu chimene ana awo anali asanachionepo. Koma mai awo okalamba atangowaona pakhomo la tchalitchi anagwira kumutu n'kuyamba kulira maliro, anthu akuona. A Zuze anayesa kufotokoza, anafika pomasula malaya kuonetsa chipsera. Gogoyo anangoti, "Ndinapereka mwana wathunthu. Wina uja ali kuti?" Funsolo linkapita kwa mai Lusiya.

Alongo awo a Zuze anatsalira pakhomo, n'kulanda khitchini. Ankaphika zamafuta, mchimwene wawo n'kumadwala nazo, iwo n'kumati ndi mankhwala a mlamu akulimbana ndi chakudya chabwino. A Zuze ankakalipa, koma sakanatha kuwathamangitsa alongowo mai awo ali pomwepo. Mai Lusiya anapirira mpaka mvula itayamba, kenaka anapita kwawo ku Tengani, amati kokapuma.

Tsiku lonyamuka anadzera pakhonde. Ndinaimirira ndikuyembekeza mawu owawa. Iwo anangofunsa ngati zidutswa za suti ija ndinataya. Zinali m'katoni pansi pa thebulo. Anazipinda bwinobwino, n'kuzimanga pa nsonga ya chitenje.

"Munasoka bwino, achimwene. Anaoneka ngati tsiku limene anadzandifunsira."

A Chapo sanandidzudzule. Atamva zonse anangoti, "Ukanaika thonje, akanavula jekete chifukwa cha kutentha, n'kuonekabe." Mwina n'zoona. A Zuze anakhala ndi moyo zaka zambiri, anaona zidzukulu. Ankapita ku Tengani pafupipafupi, koma mai aja sanabwerere.

Ndasoka moyo wanga wonse, ndipo sindinapeze woti ndimuloze chala pa nkhani imeneyi. Chimene ndinatengapo n'chakuti thupi la munthu likasintha, a pakhomo pake amafunanso kuyezedwa mwatsopano, ndipo ntchito imeneyo ilibe telala. Munthu akabwera kuti ndimubwezere chovala, ndimayamba ndafunsa ngati kunyumba akudziwa.

Mkazi wanga atadwala matenda amene anamutenga, madiresi ake ndinkabweza ndekha. Ankandiseka kuti misoko yanenepa kuposa mwini wake, ndidule basi. Sindinadule. Ali m'sutikesi mpaka lero, nsalu yonse ili mkati.