Buku Lopanda Chikuto la Atelala

Amalume athu anali telala, ndipo pamsewu wathu dzina lawo lenileni linachita kuiwalika. Aliyense ankangoti Atelala. Makina awo ankakhala pakhonde la sitolo ya zitsulo, kumanja kwawo kuli Ometa ndi mpando wawo wozungulira, kutsogolo kuli benchi la odikira zovala. Koma kunena zoona, ambiri okhala pabenchipo analibe chovala chodikira. Ankabwerera nkhani.

Munthu uja anali ndi khalidwe limodzi lomwe linkatichititsa manyazi. Ukawaonetsa chovala chatsopano, sankayang'ana kunja ayi. Ankachitembenuza kaye n'kuyendetsa chala m'misoko. "Kunjaku ndi kwa wogula," ankatero. "Telala amadziwika m'kati." Ngakhale pa ukwati wa mwana wawo anagwira jekete la mkwati n'kulipindira m'mwamba kuti aone, anthu onse akuyang'ana.

Buku limene linasintha moyo wa pakhondepo linabwera ndi kasitomala wina. Anabweretsa chikhoti choti aikemo zipi, m'jumbo momwemo muli chibuku chonenepa ngati njerwa, ndipo sanabwerenso. Chikhoticho amalume anachisunga mpaka njenjete zinachimaliza. Bukulo analitsegula tsiku lina kukugwa mvula, ntchito palibe. Linalibe chikuto, masamba oyambirira anali atathothoka. Linkangoyambira pakati, akazi atatu apachibale akukumba nyanja ndi manja dziko lisanaume. Kumapeto kunali mapu opinda, a mapiri ndi mitsinje, ndi mizeremizere ya mibadwo: uyu anabala uyu, uyu anakwatira mwana wa uyu.

Sukulu amalume sanapite nayo patali. Chingerezi chawo chinali cha manambala a pa tepi yoyezera. Koma anakagula dikishonale yakale, n'kuyamba kulimbana nalo bukulo ngati nsalu yolimba pa singano yaing'ono. Tsamba limodzi linkatha kuwadyera sabata. Mayina opotoza lilime anangowapatsa awoawo. Kunali Osagona, anthu amiyala olondera mapiri. Kunali Mtsinje Wobwerera, umene umati ukafika kunyanja umatembenuka n'kubwerera kumene unachokera. Ndiye kunali Mayi wa Khala. Mayiyu mzinda wake unapsa pankhondo, iye n'kutola khala limodzi la moto wa kwawo, n'kuliika m'kambiya, n'kulumbira kuti sadzakhala pansi mpaka atakakoleza nalo moto tsidya la mtsinje uja.

Munthu ukaona mapu ndi mibadwo umaganiza chiyani? Amalume anatsimikiza kuti imeneyi ndi mbiri yeniyeni ya anthu akutali amene anatha kalekale. "Wabodza sajambula mapu," ankatero. "Wabodza sangakuuze agogo ake a munthu amene wangomutchula kamodzi."

Ndiye masana alionse, phazi likupalasa makina, ankafotokozera benchi zomwe awerenga. Akazi awo ankabweretsa chakudya, n'kukhala pambali kumaika mabatani. Iwo kuwerenga sankadziwa, koma mibadwo ya m'bukumo ankaisunga kuposa mwini wake. Amalume akasokoneza, ankawadula: "Ayi bambo, ameneyo ndi mdzukulu, si mwana." Tsiku limene anawerenga za kupsa kwa mzinda uja, amalume anagwetsera misozi pa diresi la eni ake, mpaka anachita kulisitanso.

Pabenchipo pankabweranso Adalaivala, oyendetsa chigalimoto cha katundu kupita maiko akunja. Amalume anawayalira mapu tsiku lina. "Inu mumayenda kutali, mtsinje uwu munauonapo?"

Adalaivala anayang'ana mapuwo, n'kukanda chibwano. "Umenewu? Ndinawoloka kawiri konse. Koma mlatho wake ndi woipa, madala, suyenera kupitapo utadzaza katundu."

Amalume anasangalala sabata yonse.

Zaka zinapita chotero. Kenako shuga anayamba kuwadya maso. Poyamba ankati magetsi a m'sitolomo ndiwo achepa mphamvu. Kenako akazi awo anayamba kuwalowetsera ulusi m'singano m'mawa uliwonse, n'kuzibaya pakansalu mondondozana kuti azingotenga. Adokotala sanawabisire: kuona kukupita, ndipo sikubwerera. Amalume anapima ndi chala masamba otsala, anali ngati kukhuthala kwa kolala. "Ndimufikitsa mayi uja maso asanatseke," anatero.

Loweruka lina kunabwera mkamwini wawo, yemwe uja wa jekete, wokonza magetsi, mnyamata waulemu wake. Atangoona bukulo pamakina, nkhope yake inawala.

"Aa, bambo! Ili mwalipeza kuti? Si lija la chiyambi cha filimu ija?"

"Filimu iti, apongozi?"

"Ija yotchuka ya ankhondo a m'mapiri, ana onse amaidziwa. Filimuyo inachokera m'buku lina, koma manthu wa zonse ndi ili. Ambiri amalilephera, amati ndi louma. Koma wolemba wakeyo anali ndi mutu, bambo. Kupeka dziko lathunthu, milungu yake, zilankhulo zake!"

Phazi linaima pamakina. "Mukutanthauza kuti anasonkhanitsa mbiri."

"Ayi bambo, anapeka. Zonsezo zinachokera m'mutu mwake."

Kenako Ometa anaphulika, mpaka anazimitsa makina ometera kuti aseke bwino. "Achimwene! Ndiye misozi ija pa diresi la eni ake inali yolira anthu a m'mutu mwa munthu?" Anatembenukira kubenchi akupukuta m'maso. "Nanga Adalaivala, mlatho uja anaukonza?"

"Ine ndinati mtsinje wofanana nawo," anatero Adalaivala, n'kukumbukira kuti ali ndi tayala lofunika kupopa.

Anthu anaseka Adalaivala kwambiri, koma amalume anamva ngati akuseka iwowo. Munthu wa imvi, zaka zonsezi akulalikira zopeka ngati zoona! Anatseka buku, anawerama, n'kuliika pansi pa mwendo wa makina umene unkagwedera. Tsiku limenelo anatseka msanga.

Masabata anapita, makina akulira okha popanda nkhani. Benchi linayamba kukhala lopanda anthu. Ometa anayesa kuwanyengerera ndi kumeta kwaulere, iwo anakana. Maso nawo sankadikira. Manambala a pa tepi anayamba kuchita kuwalingalira.

M'mawa wina akazi awo akulowetsa ulusi m'singano anafunsa osayang'ana kumbali. "Mayi uja mwamusiya pati?"

"Kulibe munthu woteroyo, mayi. Munamva nokha."

"Ndinamva. Koma mwamusiya ali chiimire, kambiya kali m'manja. Ine ndikagona miyendo imandiwawira m'malo mwake. Inu munayamba mwasiyapo chovala cha munthu chili ndi mkono umodzi?"

Amalume anangotenga singano.

Masana omwewo mkamwini anabwera kudzapepesa, chipewa chili m'manja. Kuyambira tsiku lija mkazi wake anali asanamusekerepo. Anatulutsa foni n'kuwaonetsa filimu ija. Amalume anaiyandikitsa kumphuno, koma ankangoona mitundu ikuthamanga. Anamva malupanga, anamva akavalo. Kenako wankhondo wina anatchula dzina la mtsinje uja, kamodzi kokha, modutsa, nkhani n'kupitirira.

"Imani kaye," anatero amalume. "Basi? Za mtsinjewo zathera pomwepo?"

"Eya bambo. Mufilimu safotokoza."

"Nanga za Mayi wa Khala?"

"Mulibe. Amangoonetsa kambiya kojambulidwa pa chishango cha mfumu."

Amalume anayendetsa chala pa msoko wa thalauza lomwe linali pamakina.

"Ndiye chimene anthu amaonerachi ndi kunja," anatero pang'onopang'ono. "Ine zaka zonsezi ndakhala ndili m'kati. Apongozi, munthu ameneyu anali yekha?"

"Yekha, bambo. Moyo wake wonse."

"N'kusoka m'kati monsemu mwaukhondo chonchi, akudziwa kuti ambiri sadzatembenuza? Osasiya ulusi ukulendewera ngakhale pa mdzukulu wa munthu wodutsa?" Anapukusa mutu. "Ameneyo ndi telala. Tanyamulani makinawa kuno."

Buku linatuluka lili ndi chibowo cha mwendo wa makina pamwamba. Koma atalitsegula, zilembo zinali zitasanduka nyerere zomwazika. Anayesa ndi magalasi, anayesa kutulukira padzuwa, osatheka. Masabata amanyazi aja anali atadya kuona kotsala kuja.

Anaitana Ometa. "Munaseka ndinu. Muwerenga ndinu."

"Ine Chingerezi changa ndi cha pachikwangwani, achimwene."

"Changa chinali cha pa tepi. Khalani pansi."

Ndiye zinayamba kuyenda chonchi: Ometa akuwerenga mokakamira ngati galimoto yokwera chitunda, amalume akukonza mayina kuchokera m'mutu n'kumasulirira benchi, akazi awo akulondera mibadwo. Benchi linadzazanso. Adalaivala anabwerera, koma akangotsegula pakamwa onse ankati, "Za mlatho ayi!" Kasitomala wina anakhala ndi mutu wometa mbali imodzi mpaka Osagona atamaliza nkhondo yawo, ndipo sanadandaule.

Mayi wa Khala anadutsa chipululu, anadutsa m'dziko la Osagona, tsitsi lake linachita imvi ali panjira. Tsiku lina masana anafika pagombe la Mtsinje Wobwerera, madzi atadzaza, bwato palibe. Ometa anatembenuza tsamba, n'kusiya kuwerenga.

"Pitirizani," anatero amalume.

"Chatha."

"Chatha bwanji?"

"Patsala timawu ta munthu wina. Akuti mwini wake anamwalira asanamalize gawo limeneli. Kutsogoloku ndi mibadwo ija basi."

Akazi awo anaimirira, mabatani n'kumwazika pansi. "Zaka zonsezi! Munthu wayenda dziko lonse n'kumusiya pagombe? Bola mukanalisiya pansi pa makina pomwe paja!"

Amalume anapempha bukulo. Anayendetsa chala m'mphepete mwa tsamba lomalizalo, monga ankachitira ndi nsalu.

"Wasiya osapinda mpendero," anatero. "Zimachitika. Telala akamwalira, zovala za eni ake amamaliza ndi mnzake. Ikanakhala mbiri yoona sindikanayerekeza kuikhudza. Koma poti ndi yosoka..." Anatembenukira kumene kunkachokera mawu a akazi awo, n'kuyankhula monga ankauzira makasitomala. "Mayi, mubwere mawa masana mudzayese."

Mawa lake pakhonde panalibe poponda. Mwini sitolo ya zitsulo anatulutsa ndowa zoti anthu akhalire. Akazi awo anakana kukhala, anaimirira pafupi ndi makina, manja atapinda. Amalume anavala jekete lawo labwino. Anati mayi uja anadikira pagombe ali chiimire mpaka nthawi imene mtsinje umatembenuka. Pakuti madzi akasiya kutsika asanayambe kukwera, pamakhala kanthawi kochepa pamene mchenga umaonekera. Anawoloka pamenepo. Tsidya lija sanapeze mzinda, anangopeza kanyumba kamodzi, ana ali m'kati akunjenjemera, pamoto pali phulusa lozizira.

"Pathina pamenepo," anatero akazi awo. "Ana amenewo ndi a ndani? M'buku muja mulibe mwana wopanda kwawo."

"Zoona, ndimasule pang'ono." Anaganiza, milomo ikuyenda. "Ndi zidzukulu za mlongo wake uja anathawa tsiku la moto."

"Eya, tsopano pakwana."

"Nanga khala lija linali likadali moyo?" anafunsa Ometa. "Zaka zonsezo? Musatinamize, achimwene."

"Inu mumamvera ndi makutu kapena ndi lezala? Panjira ponse ankalidyetsa tinsalu tong'amba pa chovala chake. Pofika anali atatsala ndi nsanza. Anauzira kamodzi, moto n'kuyaka. Ndiye mmodzi wa Osagona amene ankamutsatira chapatali anabweretsa mwala wosalala n'kuuika kumbuyo kwake."

"Wakhala?" anafunsa akazi awo.

"Wakhala, mayi."

Akazi awo anapuma mpweya waukulu, n'kukhala pansi pomwepo pasimenti. Adalaivala anayamba kuomba m'manja, ena onse n'kutsatira.

Amalume anatisiya nyengo yozizira yotsatira, atagona masiku ochepa chabe. Makina ali ndi mwana wawo tsopano, buku lili m'kabati ka makinawo, chibowo chake chija chikadalipo. Ometa akamameta ana amene amakonda filimu ija amawauza kuti kambiya ka pa chishango kaja nkhani yake Atelala anaimalizira pakhonde lomwelo, ndipo ana amatsutsa, iwo n'kuwaopseza kuti awasiya mbali imodzi.

Tsiku la maliro, nthawi yowaveka itakwana, akazi awo anabweretsa jekete lawo labwino lija, limene amalume anadzisokera okha maso atayamba kale kuvuta. Tisanawaveke anati tidikire. Analitembenuza pamaso pa tonse, n'kuyendetsa chala m'misoko kuyambira pakolala mpaka pampendero. Sanapeze ulusi ngakhale umodzi wolendewera.

"Avekeni," anatero.