Chete wa pa Mzere wa Makolala

Bambo ake anamulumbiritsa akadali mtsikana wa sukulu, m'chipinda chimodzi cha lendi chimene khoma lake la pakati linali katani.

"Gwira bondo langali. Nena kuti ukadzapeza ntchito sudzayima kutsogolo kwa anthu."

"Sindidzayima, ababa."

"Pakamwa?"

"Potseka."

"Ukayenda siya phazi, mwana wanga. Mlomo ukausiya, umakakudikira kutsogolo."

Inu amene mukufuna mawu olimbikitsa, musafulumire kuwaweruza bambowa. Ndinkawadziwa ndisanachoke m'tauni muno, nthawi imene sayirini ya fakitale ya mabulangete inkadzutsa ngakhale zidakwa, ndipo munthu wovala ovololo ankapatsidwa moni ngati m'busa. Anali ndi mawu ngati bingu. Ndiwo anatsogolera sitalaka yofuna malipiro abwino. Sitalaka inatheka, malipiro anakwera, onse anabwerera ku makina awo. Amene anachotsedwa ndi iwo okha.

Mabwana amauzana. Palibe geti limene linawatsegukiranso. Anamalizira moyo wawo akusoka maambulera pa depoti ya basi, ndipo anzawo amene anawamenyera nkhondo aja ankadutsa akuyang'ana kumbali, maambulera othyoka ali kukhwapa, kukapereka kwa wina.

Anamwalira chaka chimene mwana wawoyo analephera mayeso. Mayi ake anali atatsogola kale. Mtsikanayo anatsala ndi mlongo wake wamng'ono, mphasa, ndi lonjezo lija.

Anayamba kugulitsa majumbo pakhomo la msika. Asilikali a khonsolo akabwera n'kulanda katundu, amayi ena ankatukwana mpaka mitsempha kutuluka m'khosi. Iye ankangotola zotsala, m'mawa mwake n'kubweranso pamalo pomwepo. Ndi pamenepo anamupatsa dzina loti Chete, ndipo dzina lake lenileni linaiwalika.

Kenaka boma linalengeza ndondomeko yatsopano: kampani iliyonse yotsegula fakitale kutali ndi mzinda waukulu, n'kulemba ntchito anthu a m'chigawocho, sidzalipira msonkho kwa zaka zingapo. Ndawerengapo ndondomeko zotere m'maiko angapo kumene ndakalambira. Zonse zimakoma ngati nyimbo ya ukwati, ndipo zonse zimalembedwa ndi anthu amene sanachotsedwepo ntchito. Komabe kampani yosoka malaya inabwera, n'kulowa m'chinyumba cha mabulangete chija chimene munkagona akadzidzi.

Chete anamulemba ntchito yosesa ulusi.

Nthawi ya nkhomaliro anzake akatuluka, iye ankakhala pa makina opanda munthu n'kumalumikiza zidutswa za m'zinyalala. Tsiku lina singano inaboola chikhadabo mpaka kutulukira kunsi. Anakulunga chalacho ndi kansanza, n'kutenga tsache lake. Palibe anamva kulira. Ankaphunzira kolala, chifukwa kolala ndiye mutu wa malaya: ikapendekeka pang'ono, munthu wovalayo amaoneka ngati akubisa mlandu. Anasoka, kuphwasula, kusokanso, mpaka tsiku limene wosoka wina anadwala ndipo kapitawo anasowa womuika.

Sanabwererenso ku tsache. Patapita zaka, kapitawo wa mzere wa makolala anali iyeyo. Anasamukira m'nyumba ya zipinda zenizeni, anakwatitsa mlongo wake, ndipo mkazi wa mlongoyo, mlamu wake, anamupezera malo pa mzere womwewo.

Nkhani zambiri zolimbikitsa zimathera apa. Iyi apa m'pamene ikuyambira kuluma.

Zaka zosalipira msonkho zinali kutha, ndipo chigawo china chakutali chinali chitangoyamba kupatsidwa mwayi womwewo. Lolemba lina m'mawa amayi anapeza mabowo a mabawuti pansi pamene panali makina. "Apita kukakonzedwa," anatero a ku ofesi. Lolemba linalo mabowo anachuluka. Makina okonzedwawo palibe anawaonanso.

Ndiye anthu anayamba kuitanidwa ku ofesi mmodzimmodzi n'kumachotsedwa ntchito. Sipanatenge nthawi kuti amayi aone amene akuyamba kuitanidwa: aliyense amene diresi layamba kumuthina pamimba. Choncho m'mawa uliwonse, belu lisanalire, m'chimbudzi cha akazi munkadzaza. Ankamangana mimba ndi nsalu, wina kukoka uku, wina uku, pamwamba n'kuvala epuloni.

M'mawa wina Chete analowamo n'kupeza mlamu wake atagwira sinki, nsalu ili m'manja.

"Alamu, tandikokerani. Kamunthuka kakudya ngati bambo ake."

"Mupha mwana, mlamu."

"Nanga akandichotsa adzayamwa ulusi? Kokani, belu lilira."

Chete anakoka. Anamva mwana akugunda pansi pa dzanja lake, ndipo anamanga mfundo.

Lamulo limati kampani isanachepetse antchito ambiri, iyenera kukambirana ndi wowaimira, ndipo mkulu wa ofesi ya boma ya zantchito abwere adzamve yekha kuti zinatheka. Bwana wa kampani woona za antchito anaitanitsa Chete, n'kumupatsa mpando wofewa.

"Mayi, inu ndinu munthu wanzeru, simulongolola. Mukhala woimira antchito. Akakufunsani mungoti tinakambirana, tagwirizana. Basi. Makina akamapita uko, inu mupita nawo, nyumba ya kampani ikukudikirani." Anasewera ndi cholembera. "Mbiri ya bambo anu ndinaimva. Zomvetsa chisoni. Koma inu simunatengere iwowo."

Chete anayang'ana pansi.

Nkhani inafika pa mzere iye asanafike. Moni anatha. Mayi wosita malaya, amene pakamwa pake panali potentha kuposa simbi yake, analankhula mokweza nkhope ili ku khoma: "Asankha bwino. Fisi akafuna mboni amatenga mbuzi yosalira."

Msonkhano unachitikira m'kantini, masana dzuwa likuswa mtengo, malata akulira ndi kutentha. Mabwana anakhala pa tebulo kutsogolo. Mkulu wa zantchito anali bambo wotopa, woyang'anayang'ana wotchi, amene anaonapo misonkhano yotere yambirimbiri. Antchito anaimirira mothithikana kumbuyo. Chete anamuika pa benchi ya pambali.

Bwana uja analankhula nthawi yaitali za msika wa dziko lonse. Chete sankamva. Ankayang'ana mlamu wake, amene anatsamira khoma, milomo itatuwa, akupuma ngati nkhuku yothamangitsidwa.

"Woimira antchito," anatero mkulu wa zantchito, osadzutsa mutu. "Munakambirana?"

Maso a Chete anali akadali pa mlamu wake.

"Mayi, ndafunsa. Munakambirana, mwagwirizana?"

Bwana anamwetulira, n'kugwedeza mutu pang'ono ngati akulimbikitsa mwana woyamba kuyenda. Kumbuyo kunamveka phokoso. Mlamu uja anali kutsetsereka ndi khoma mpaka pansi, ndipo amene anali naye pafupi ankaopa kumugwira pamimba.

Chete anadzuka. Anang'amba gulu lija, anadzutsa mlamu wake, n'kuyenda naye pang'onopang'ono mpaka pa tebulo la mabwana.

"Masulani."

"Alamu, andichotsa."

"Ndati masulani. Ndinamanga ndine."

Chete anamuvula epuloni ija yekha n'kumasula mfundo. Nsalu inazungulira, kuzungulira, n'kugwa pansi. Mimba inatuluka yonse, ili ndi mikwingwirima, ndipo mayiyo anakoka mpweya umene unamveka mpaka pakhomo.

Kenaka mayi wosita uja anatukwana chapansipansi n'kuyamba kumasula yake. Palibe ankadziwa kuti nayenso ali ndi pakati. Anatsatira wa mabatani. Anatsatira wa ku mapaketi, mtsikana amene ukwati wake unali usanathe chaka. Nsalu zinaunjikana pa simenti.

"Sitinakambirane," anatero Chete. Mawu ake anatuluka aakulu moti iye mwini anadzidzimuka. "Ngati mukufuna kudziwa amene akuyamba kuchotsedwa muno, musafunse ine. Funsani mimbazi."

Mkulu wa zantchito anasiya kuyang'ana wotchi.

Sindikunamizani kuti fakitale inakhala. Mkulu uja anakana kuvomereza, zokambirana zinayambiranso ndi anthu osankhidwa ndi antchito eni ake, ndipo lamulo loletsa kuchotsa mayi chifukwa cha pakati, limene linalipo kale koma likugona, linadzutsidwa. Koma kampani inapitabe. Makampani otere ali ngati mbalame za mpunga: zimadziwa munda wokhwima. Nyumba ya kampani ija Chete sanaione, ndipo palibe fakitale ina imene ikanamulemba.

Chimene anapeza amayi n'chakuti anachoka ngati anthu: anauzidwa nthawi ikadalipo, analandira zoyenera zawo, ndipo pa zokambirana anaumirira kuti makina akale, amene kampani inkati ndi olemetsa lole, awasiyire. Anachita lendi sitolo yakugwa denga. Chaka choyamba mvula inkawadonthera pa nsalu. Sukulu yoyamba inawabwezera mayunifolomu onse, ati mtundu wake si umenewo. Anasokanso.

Nditabwerera kuno ndinapeza tauni yanga itasanduka ya mabenchi ogulitsira zinthu za ena, ndipo ndinkaganiza kuti palibenso chimene chimapangidwa muno. Kenaka ndinamva makina akulira kuseri kwa msika. Muli amayi odzaza sitolo, ndipo pakati pawo pamathamanga kamtsikana konenepa kamene kanayamba moyo katamangidwa ndi nsalu.

Ndiye inu amene kalata yochotsedwa yakufikirani, inu amene mukuona mabowo pansi pamene panali makina a mnzanu, musadzione ngati mwatha. Amene analephera mayeso, wogulitsa majumbo, wosesa ulusi, lero akudyetsa mabanja. Gwirani chimene manja anu akudziwa, ndipo gwiranani. Mtima usagwe, abale anga. Osautaya.

Sabata yamawa antchito a m'chigawo chonse akuguba kupita ku ofesi ya zantchito, kukapempha kuti kampani yolandira mwayi wa msonkho isamachoke mwayiwo ukangotha. Amene adzayende kutsogolo, chimkuzamawu chili pakamwa, ndi Chete.