Salimo Losalembedwa la ku Pollokshields

Anandilanda kwaya. Nditasiya yunivesite ku Hillhead chaka chachiwiri chili pakati, akuluakulu a tchalitchi chathu cha Amalawi anagamula kuti wothawa sukulu sangaime kutsogolo kwa ana awo. Kiyibodi anapatsa wina wa madigiri awiri amene sasiyanitsa do ndi so. Kope langa la solofa ndinaliponya kunsi kwa bedi ku Easterhouse, n'kulumbira kuti zoimba ndathana nazo.

Ndinapeza ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Lachinayi ndi Loweruka masana ndinkapita ku Pollokshields kwa agogo ena aamuna, Myuda, okhala okha. Ine Ayuda ndinkawadziwira pa zithunzi za ku Sande sukulu, anthu a mikanjo ndi nkhosa. Awa ankavala juzi yobooka pachigongono, ndipo ankanyoza tiyi wanga.

"Tiyi ameneyu akudwala chiyani?"

"Imwani, agogo. Ndili ndi nyumba zina zitatu."

Lachinayi lina anandigwira ndikung'ung'udza tenala potsuka makapu.

"Iwe ndiwe wa kwaya."

"Ndinali."

"Khutu silisiya sukulu. Tsitsa katoni ili pamwamba pa kabatiyo."

Munali makaseti. Anati onsewo ndi Ayuda akuimba. Yoyamba inali ya ku Yemen: amuna akutulutsira mawu m'mphuno, wina akumenya chitini. Agogo anati makolo awo anasiya zoimbira polira Kachisi wa ku Yerusalemu, koma manja anakana kukhala chete, ndiye anagwira zitini ndi mbale. Inatsatira ya ku Morocco, ya zingwe zambiri. Kenako amayi a ku Turkey akugoneka mwana m'Chisipanishi chakale, chimene makolo awo anachoka nacho ku Spain atathamangitsidwa. Kenako chitoliro cha ku ukwati, cha Ayuda a ku Poland, choseka ndi kulira mu mpweya umodzi. Nyumba yotsatira ndinafika mochedwa, n'kunamizira sitima.

Sabata yotsatira ndinafukula kope lija. Sindibisa, ndinkafuna kudzionetsa. Kwathu nyimbo iliyonse ndikaimva kawiri ndimailemba m'solofa, mawu onse anayi. Agogo anaika kaseti ya ku Iraq, mwamuna mmodzi akuimba salimo. Ndinalemba do, re, n'kuima. Mawu achitatu sanali mi, sanalinso kabatani kakuda ka pansi pake pa kiyibodi. Anali pakati.

"Uyu waphonya," ndinatero.

"Waphonya? Bambo ake ankaphonya pomwepo, agogo akenso pomwepo. Banja lonse n'lophonya, aphunzitsi a kwaya?"

Tinabwereza kasanu. Nthawi zonse munthuyo ankafika pamalo pomwe paja, n'kukhazikikapo ngati pakhonde pake. Pa kiyibodi pamenepo ndi pamng'alu wolowa fumbi. Ndinasuzumira m'mng'alumo n'kupeza muli dziko lonse ndi anthu ake.

Kenako anaika ya ku Uganda. Gitala, mwamuna akutsogolera, amayi akuvomera. Ndisanaganize n'komwe, pakamwa panga panali patalowetsa kale tenala, ngati ndili pa msonkhano wa kwaya ku Mulanje.

"Awanso ndi Ayuda?"

"Ukuganiza kuti tinapita kumene Baibulo lako linathera?"

"Nanga maimbidwe oona ndi ati?"

"A bambo anga," anatero. "Aliyense m'katonimu akuyankha chimodzimodzi."

A bambo awo sanali pa kaseti. Bambowo anachokera ku Lithuania ndi salimo limodzi la mavesi asanu ndi atatu, vesi lililonse lokhota njira yakeyake. Ankaliimba Loweruka lokha, akatha kudya chakudya cha Sabata. Mwana wamkazi wa agogo, wokhala ku Manchester, sanaliphunzire. Panalibenso wina wolidziwa.

"Ndikapita ine, lapita," anatero, n'kupempha bisiketi.

Loweruka ndinakhala nawo patebulo, kope lotsegula, cholembera m'manja.

"Bweza chimenecho. Pa Sabata sitilemba."

Ndinatulutsa foni.

"Chimenechonso bweza."

"Agogo, ine si Myuda."

"Koma tebuloli ndi langa, ndi mmerowu ndi wanga."

"Ndiye mudzaimbe Lachinayi, ndijambule."

"Lachinayi salimoli silibwera. Ndinayesapo. Limatuluka ngati tiyi wako."

Ndinapsa mtima. Nkhalamba yatsala pang'ono kufa ndi chinthu, chida chopulumutsira ndili nacho m'thumba, iyo n'kumakana! Ndinali n'tanyamula kale chikwama pamene anatseka maso n'kuyamba.

Mawu awo anali okalamba, ong'ambika m'mbali. Anayambira pansi ngati munthu wodandaula yekha, n'kukwera pang'onopang'ono, kenako n'kuthyoka mwadala pamwamba penipeni, monga amathyokera mawu a munthu wonena za maliro koma osafuna kulira. Chala chawo chinkagogoda tebulo. Ndinaika chikwama pansi. M'chipindamo tinali awiri, koma ndinamva ngati kumbuyo kwawo kwandanda amuna ambirimbiri, aliyense atagwira phewa la mnzake.

"Bwereza," anatero.

Chihebri sindichidziwa. Ndinkangotola mawu pakamwa pawo ngati mwana wa mbalame. Loweruka lililonse vesi limodzi, osaposa. Ndinkalinyamula m'mutu pa sitima, makutu nditatseka ndi zala, anthu n'kumandiyang'ana. Vesi lachitatu linanditayika kawiri pasiteshoni. Kunyumba ndinayesa kulemba, koma pa pepala pankatsala mafupa okha. Kuthyoka kuja kulibe chizindikiro m'solofa.

"Usakongoletse!" ankandikalipira. "Sali pano a mpingo wako oti akuwombere m'manja."

Tinafika vesi lachisanu ndi chimodzi. Sabata imeneyo anagwa m'bafa, sitiroko inawatseka pakamwa. Atatuluka m'chipatala, mwana wawo anabwera kudzawatenga. Ndinamupempha kuti ndiwaone Loweruka asananyamuke. Anandiyang'ana mokayika, koma anavomera.

Anali pa mpando wa matayala, makatoni ali mbwee. Foni ndinaisiya m'jekete pakhomo. Ndinaimba. Pa vesi lachiwiri mwana wawo anatuluka m'khitchini n'kuima chilili, mbale ili m'manja. Pa vesi lachinayi ndinakongoletsa pang'ono, agogo n'kundiponyera diso lomwe lija. Nditamaliza lachisanu ndi chimodzi ndinakhala chete, chifukwa ndinalibenso china.

Chala chawo sichinaime. Chinapitiriza kugogoda bulangete, milomo ikugwedera popanda mawu, mpaka kumapeto kwa salimo. Nyimbo yonse ilimo m'kati mwawo. Yangotsekeredwa.

Mwana wawo akuti ochiritsa amati nthawi zina kuimba kumabwerera kulankhula kusanabwere. Ndauza kale a kuntchito kuti Loweruka loyamba la mwezi uliwonse asandifune, ndimakwera basi ya ku Manchester. Kwaya ija akhale nayo a madigiri. Koma agogowa sindiwasiya. Ali ndi mavesi anga awiri.