Dzina langa analibisa kutsogolo, n'kulilemba kuseri kwa pepala

A admin, bisani dzina langa. Ndikudziwa kuti kwathu ku Mlolo palibenso chobisa, koma bisani basi. Papezeke munthu mmodzi yekha amene ndamupempha zimenezi n'kuchitadi.

Akalaliki a kukhoti andiyalutsa. Khoti lake sinditchula, loya wanga wandiletsa poti mlandu ukadali m'kati. Koma zimene andichita ndinena zonse.

Ndili mu giredi 8, amayi anga anandipereka kunyumba kwa aphunzitsi ena kuti ndizikhala pafupi ndi sukulu. Kwathu kunali kutali, nthawi ya dzinja mtsinje sunkawolokeka. Amayi anasenza okha thumba la chimanga, ine ndili pambuyo ndi kachikwama. Atafika anagwada pakhonde kuthokoza. Bambo ameneyo anandigwiririra m'nyumba momwemo, ndipo osati kamodzi. Zambiri sindilemba. Sindinauze munthu. Mpaka chaka chino amayi ankamutchula kuti "atate ako a kusukulu", ndipo akakumba mtedza ankamutumizirako.

Ndinakula, ndinakwatiwa, ndili ndi mwana mmodzi. Ndimagulitsa salaula pamsika pa boma. Amuna anga okha ndiwo ndinawauza. Chaka chatha ndinamva kuti bamboyo akusunganso atsikana awiri a sukulu pakhomo pake. Tulo tinatha. Ndinapita ku tauni kwa maloya othandiza amayi mwaulere, ndipo loya wina, mayi wachitsikana, anandifotokozera kuti ndingathe kumusumira ndekha mlandu wa chipukuta misozi.

Ndinamuuza chinthu chimodzi. Ndinati mlandu ndiufuna, koma amayi anga asamve. Ali ndi matenda othamanga magazi. Ndipo ndi iwo anandigwira dzanja kukandisiya pakhomo paja. Akadzamva, sadzadzikhululukira.

Loya anakapempha kwa a jaji mlandu usanayambe, ndipo a jaji anavomera. Ndinalipo m'chipinda mwawo akuwerenga lamulolo, ndinamva ndi makutu angawa. Pamapepala onse ndizilembedwa kuti "Mayi K". Dzina langa lenileni likhale mu envulopu yomata, yodinda chidindo, yosatsegulidwa popanda chilolezo chawo. Pepala lililonse lobwera kwa ine lizidzera kwa loya wanga. Bamboyo ndi loya wake akundidziwa, koma saloledwa kunditchula kwa wina aliyense. Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Papita miyezi isanu ndi itatu, mlandu weniweni sunayambe. Tikadali pa zoyambirira. Kupatsana mapepala ndi mbali inayo. Kulemba umboni n'kulumbira. Tsiku lasinthidwa, bwerani mwezi wamawa. Ndapirira zonsezo. Ulendo uliwonse ndinkawanamiza amayi kuti ndikukaoda belo la zovala.

Ndiye Lamlungu lapitalo lija.

Inu a kumudzi mukudziwa mmene makalata amayendera kwathu. Munthu akabwera nayo kalata kuchokera ku boma kapena ku tauni, amakaisiya kutchalitchi. Ulaliki ukatha, pa zolengeza, mkulu wa mpingo amaitana maina. Tsiku limenelo anayamba ndi za kalabu ya feteleza, kenako za sikelo ya ana. Kenako anakweza pepala m'mwamba n'kunena kuti palinso ili lochokera kukhoti. Anatchula dzina langa lonse, n'kuwonjezera la amuna anga kuti pasakhale kusokoneza.

Envulopu panalibe. Pepala lopinda kamodzi basi.

Ine ndimakhala kumbuyo chifukwa cha mwana. Ndisanaimirire n'komwe, pepala linali litaperekedwa kale ku benchi yoyamba ya mbali ya amayi kuti lizibwera dzanja ndi dzanja. Mabenchi khumi ndi limodzi. Kuseri kwa pepalalo wina analemba ndi bolopeni yofiira dzina langa, mudzi wanga, ndi mawu oti "pafupi ndi tchalitchi". Kutsogolo kwake, m'zilembo zikuluzikulu, kunali "Mayi K", dzina lonse la bamboyo, ndi mtundu wa mlandu. Chizungu, inde. Kodi mukuganiza kuti ku Mlolo kulibe odziwa Chizungu?

Pa benchi yoyamba pamakhala amayi a chigwirizano. Akazi a bamboyo ndi mmodzi wa iwo. Ndinawaona akutulutsa magalasi m'chikwama. Anawerenga kutsogolo, anatembenuza, anawerenga kuseri, anatembenuzanso.

Amayi anga anali pa benchi yachinayi. Iwo Chizungu sawerenga. Analilandira pepalalo, anacheuka kundiyang'ana akumwetulira, n'kulipereka kumbuyo. Pamene linkafika m'manja mwanga, mbali yonse ya amayi palibe ankandiyang'ana. Potuluka, ndinaona mayi wina atawakokera amayi anga pambali pansi pa mtengo wa mango. Sindinadikire. Ndinabereka mwana n'kumapita.

Mukudziwa chimene pepalalo linkanena? Linkandiitana kuti ndikapezeke ndekha pamaso pa a jaji Lachinayi 9 koloko, chifukwa loya wa bamboyo wapempha kuti lamulo lobisa dzina langa lichotsedwe. Ndiye kuti pepala lokandiitanira kukakambirana ngati dzina langa lipitirize kubisika ndi lomwe linayenda mabenchi khumi ndi limodzi dzinalo lili pamtunda.

Lolemba ndinanyamuka 5 koloko m'mawa. Amuna anga ananditengera panjinga mpaka pa boma pa Chadiza, ndinakwera minibasi. Ku ofesi yosunga mafayilo a milandu ndinafika 9:40. Windo lotseka. Mlonda ati ali ku tiyi. Linatsegulidwa 10:35.

Panali mayi wina, foni ili pakhutu. Anandifunsa nambala ya mlandu osandiyang'ana. Ndinamupatsa pepala lomwelo. Analiwerenga, anatembenukira m'kati n'kukuwa kuti uja wa mlandu wogwiriridwa wabwera, akufuna amene anatumiza kalata. Kumbuyo kwanga kunali mzere wa anthu asanu ndi awiri. Onse anatukula mitu.

Ndinamufunsa kuti, mayi, inunso ndinu mkazi, mukanakonda kuitanidwa chomwecho? Ati iye akungogwira ntchito, ndikhale pabenchi ndidikire.

Kalaliki wotumiza kalatayo anatulukira 11:50, akutokosa m'mano, foni ili m'manja. Bambo wamkulu ndithu, wa tayi. Ndinamufunsa chifukwa chake pepala langa silinadzere kwa loya monga a jaji analamulira. Ati Lachisanu anapeza ofesi ya loya wanga yotseka, loyayo anapita kumaliro, ndipo tsiku la mlandu linali pafupi. Ndinati nanga foni ya loya si ili pafayilo? Ati foni ya ofesi ilibe mayunitsi, ndipo iye sangawononge ake pa ntchito ya boma.

Ndinamufunsa kuti dzina langa analidziwa bwanji. Apa ndiye anamwetulira ngati wachita zanzeru. Ati anangosuzumira pang'ono mu envulopu ija. Anabweretsa fayilo kuti andionetse kuti zonse zili bwino. Envulopu ya a jaji, ya chidindo ija, inali yong'ambidwa pamwamba n'kumatidwanso ndi selotepu.

Kusuzumira pang'ono. Kodi dzina la munthu umaliwerenga theka?

Ndinafunsa kuti pepalalo anapatsa ndani. Ati panali bambo wina wa kwathu konko amene anabwera pa mlandu wa ng'ombe. Dzina lake? Sanafunse. Nanga bwanji osaika mu envulopu? Ati maenvulopu anatha kalekale, ngati ndikufuna ndizibwera nawo anga. Ndipo anawonjezera kuti iyenso ndi wa kumudzi, akudziwa kuti makalata amasiyidwa kutchalitchi ndipo amafika bwinobwino. Ati nanga si lafika?

Ndinamuuza kuti akazi a munthu amene ndikumusumira aliwerenga pamaso pa mpingo wonse. Ndinamuuza za amayi anga. Sindinalire, sindinafune kumupatsa zimenezo. Iye anatenga pepala m'manja mwanga, analoza kutsogolo n'kunena kuti, onani apa, palembedwa "Mayi K", lamulo la a jaji talitsata. Zakuserizo ati ndi keyala chabe, pepala silingayende lopanda keyala.

Kenako ananena mawu amene mpaka lero akundiwotcha. Ati mayi, ine ndinakuthandizani, mukanaphonya tsiku. Ati madzi akatayika saoleka, tingoyang'ana kutsogolo.

Watayawo ndani? Ine?

Ndinapempha kuonana ndi akulu ake. Ati ali kumsonkhano sabata yonse. Ndinafunsa kodandaula. Anandilozera kabokosi kapakhoma, ati ndilembe kalata, ndiike dzina langa lonse, mudzi, ndi nambala ya chitupa, apo ayi saiwerenga. Ndinafunsa amene amatsegula bokosilo. Ati ndi iyeyo. Itakwana 12:30 anatseka windo, nthawi ya nkhomaliro.

Ndinamuimbira loya wanga. Anati kumaliro anapitadi, koma foni yake inali yotsegula tsiku lonse.

Lachinayi tinalowa m'chipinda cha a jaji. Loya wa bamboyo anaimirira atavala suti yake yonyezimira. Ati bwana, pempho lathu lafupika, dzina la mayiyu likudziwika kale ndi mpingo wonse wa kwawo, ndiye khoti likubisanso chiyani? Bamboyo anali pambali pake, manja ali pamimba, maso ali kudenga. Mphatso yotere sanaiyembekezere. Miyezi isanu ndi itatu akulephera kundiopseza kuti ndisiye, akalaliki am'chitira ntchitoyo ndi bolopeni imodzi.

Pa a jaji sindinama, anakwiya. Anaitanitsa fayilo, anaiona selotepu ija, anaitanitsa akalalikiwo. Munthu uja wa "ndinakuthandizani" analowa atagwira manja kumbuyo. A jaji anamuuza kuti alembe lipoti. Pempho la mbali inayo analikana, lamulo lobisa dzina langa likadalipo. Pamapepala ndikadali "Mayi K". Pamsika pa boma, amayi ogulitsa tomato amasiya nkhani ndikamadutsa. Kuchigayo ena akuti ndikufuna ndalama za munthu wokalamba. Atsikana awiri aja ndamva kuti makolo awo akawatenga, ndipo chimenecho chokha ndicho chikundigonetsa.

Kuyambira Lamlungu lija amayi sanabwere kwathu, inenso mantha anandigwira, sindinapiteko. Lachinayi lomwelo pobwera ku tauni, dzuwa likupendeka, ndinawapeza atakhala pakhonde panga. Sanapite kudimba masiku anayi. Ndinawapatsa moni. Anatsika pakhonde pang'onopang'ono, poti maondo amawavuta, n'kugwada pa dothi patsogolo panga.

Amayi anga ondibereka, kundigwadira ine.

Anati, "Mwana wanga, thumba lija ndinasenza ndekha. Ndinathokoza. Ndinkamutumizira mtedza."

Ndinati, "Amayi, dzukani, anthu akuona."

Anati, "Aone. Unkabwera pa holide uli wowonda, ine n'kumati ndi sukulu."

Ndinawagwira m'khwapa kuti ndiwadzutse, anakana. Ndinagwada nawo pomwepo. Ichi ndicho chinthu chimodzi chimene ndinapempha khoti. Sindinapemphe kuti mlandu ufulumire. Sindinadandaule za maulendo onse aja. Ndinangopempha kuti mayi uyu asadzagwade chonchi.

Tsono ndikufunsa, ndipo ndikufuna mayankho. Envulopu imene a jaji anena kuti isatsegulidwe imakhala bwanji m'fayilo imene aliyense mu ofesimo angaitenge? Munthu akaphwanya lamulo la a jaji ali kunja amamangidwa, nanga akaliphwanya ali m'kati amangolemba lipoti? Lipotilo adzawerenga ndani, iye yemwe? Ndipo ndi amayi angati ena amene maina awo asuzumiridwa pang'ono?

Kwa inu asisi amene mukuganiza zosuma mobisa dzina, sindikuti musiye. Inenso sindisiya, bamboyo asasangalale msanga. Koma musagone poti a jaji asaina. Ulendo uliwonse muuzeni loya wanu aione envulopuyo ndi maso ake ngati ikadali yomata. Asiye manambala awiri a foni pafayilo. Ndipo ngati kwanu makalata amadzera kutchalitchi, kapena kusukulu, kapena kugolosale, nenani zimenezo pamaso pa a jaji tsiku loyamba, zilembedwe.

Inu bambo a tayi, ndikudziwa kuti tsamba lino mumawerenga, pawindo paja foni siichoka m'manja. Munati munandithandiza. Bwerani ku Mlolo, njira mukuidziwa, munailemba nokha ndi bolopeni yofiira. Mudzandithandize kuwauza amayi anga kuti wolakwa si iwo. Ine ndawauza kambirimbiri, sakundimva.